Mbendera ya Eni pa Bokosi la Mkamwini

Ku Ntengo-Wambalame, m'chigawo cha Tete, kunali mkamwini mmodzi amene aliyense ankamudziwa, ngakhale ana ongoyamba kumene kuyankhula. Tinkamutchula kuti Mtchaina. Mwiniwake dzinalo ankadana nalo koopsa, ndipo ife tonse tinkadziwa kuti amadana nalo. N'chifukwa chake sitinkalisiya.

Mkuluyu anali wa ku Taiwan, chilumba chimene chili pafupi ndi gombe la dziko la Tchaina. Anabwera kuno akadali ndi mphamvu zake, pamodzi ndi anzake ophunzitsa ulimi amene boma lakwawo linawatumiza ku Malawi. Kumeneko ndi kumene anapeza mayi wakwathu kuno, amene anatsalira tsidya ilo nkhondo itatha, n'kumanga naye banja. Kenako boma la Malawi linasintha abwenzi. Linatsanzikana ndi a ku Taiwan n'kugwirana chanza ndi a ku Tchaina, ndipo anzake onse analongedza katundu n'kukwera ndege. Iye anakana. Anawoloka malire ndi mkazi wake, njinga yamoto yokalamba ndi timabokosi ta mbewu, n'kudzakhala pachikamwini, m'dimba la apongozi ake. Mwana sanapatsidwe. Koma kachewere wake ankachita kung'amba mizere, ndipo amalonda ochokera ku Tete ankayamba aima pakhomo pake asanapite kwa wina aliyense.

Ine boma linanditumiza ku Ntengo-Wambalame kukaphunzitsa jeografiya. Tsiku loyamba kuonana naye, anabwera kusukulu ndi mbande za kabichi zoti ana abzale. Atasuzumira m'kalasi mwanga anaima pakhomo nthawi yaitali, maso ali pa mapu a dziko lonse amene ndinapachika pakhoma. Pa mapuwo Tchaina anali wachikasu, ndipo kachilumba kakwawo kanalinso kachikasu.

"Apulofesolo, mapu anuwa akunama," anatero, m'Chichewa chake chimene anachiphunzira ku Malawi. Kuno mphunzitsi aliyense amatchedwa pulofesolo.

"Mapu a boma sanama, bambo," ndinamuyankha.

"Ndiye kuti amene anajambulayo sanafikeko."

Ana anaseka. Inenso ndinaseka, koma mumtima ndinati munthu uyu tionana. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndikapsa sindikuwa ayi, ndimangosunga.

Kuyambira pamenepo tinkakumana masiku a msika, masana, pa baraka ina, kanyumba kogulitsiramo mowa, pafupi ndi pokwerera shapa, maminibasi a kuno. Ankamwa botolo limodzi basi, pang'onopang'ono, ndipo ife aphunzitsi, anamwino ndi alembi tinkamuzungulira n'kumamuputa. Wotsogolera zoputazo ndinali ine, chifukwa ndine ndekha amene ndinkadziwa pamene pankamuwawa.

"Ngati ndinu dziko panokha, bwanji osalengeza ufulu?" ndinamufunsa tsiku lina. "Ife kuno tinalengeza, mbendera inakwera, dziko lonse linamva."

"Tilengeze chiyani?" anatero. "Munthu akukhala m'nyumba yake, akudya zake, akusankha yekha womutsogolera. Akwerenso padenga kukakuwa kuti nyumba ino ndi yanga? Akakuwa, mnansi wamkulu uja abwera ndi nkhwangwa. Ambiri kwathu timangofuna kuti zinthu zikhale mmene zililimu. Asatigwire, ifenso tisamupute."

"Ndiye kuti ndinu amantha."

"Eya, ndife amantha. Koma timavota."

Nkhani ya kuvotayo ndiyo inkatiseketsa kwambiri. Kwawo munthu savotera kunja, ayenera kukaonekera yekha kumene analembetsa. Choncho zaka zinayi zilizonse, mvula ili pakati, nthawi imene chiwawu chimagwira kachewere ndipo mlimi weniweni sachoka m'munda, mkuluyu ankasiyira mkazi wake mpope wopopera mankhwala, n'kukwera shapa. Shapa, basi, ndege, ndege ina, masiku angapo m'njira. Zonsezo kukaponya kapepala. Pobwerako tinkamugwira dzanja n'kuliyang'ana mbali zonse.

"Chala cha inki chili kuti?"

"Kwathu sitinyika chala. Timadinda ndi kachidindo kofiira papepala."

"Nanga kamizeta, malaya a chipani aja? Kapulana yoti mayi kunyumba azimanga m'chiuno?"

"Palibe."

Anthu ankagwa nako kuseka. Kuwoloka nyanja zonsezo, kubwerako chimanjamanja, opanda ngakhale chipewa cha kampanya. Wina ankati mwina amapita kukaona mkazi wamkulu, zovotazo n'zonamizira. Iye ankangomwetulira n'kutsegula kabokosi ka timakeke ta chinanazi, aliyense n'kumupatsa kamodzi. Tinkadya timakeketo tikumusekabe.

Timakeketo tinkachokera kwa mlongo wake, m'bale yekhayo amene anamutsalira. Mayiyo anali ndi loja, sitolo yogulitsa timakeketo, pamalo pamene pankaima mabasi a alendo ochokera ku Tchaina, obwera kudzaona chilumbacho. Kwa zaka zingapo malonda ankayenda, mpaka analemba antchito. Ndiye mbali imene mkuluyu ankavotera inapambana, maboma awiriwo anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, mabasi aja n'kuyamba kuchepa. Izi ndinazidziwa bwino chifukwa foni yake inali yachikale, ndipo akafuna kuonana nkhope ndi mlongo wakeyo ankabwereka yanga. Tinkakwera limodzi kaphiri ka kuseri kwa sukulu, kumene netiweki imagwira, ine n'kukhala pamwala, iwo n'kumakangana m'chiyankhulo chawo. Mawu a mayiyo ankachita kuboola khutu.

"Akuti chiyani lero?" ndinkamufunsa potsika.

"Akuti iwe uli ku Afrika ukudya kachewere, ukabwera kuno umadzandivotera njala. Akuti mazira akwera mtengo, malipiro a ana ake aima malo amodzi, nyumba sangagule mpaka adzamere imvi. Akuti ufulu wakowo auphike ndi chiyani?"

"Ndiye inu mwawayankha bwanji?"

"Ndawauza kuti akunena zoona." Anandibwezera foni. "Akunena zoona, koma ndikapita ndikavotanso chimodzimodzi. Iyenso akudziwa. Chaka chilichonse amati sadzandiyankhulanso, koma timakeke amatumiza."

Ndikanati ndinene kuti tinali pa ubwenzi, koma mawuwo akundikanira pakhosi. Iye ankaona ngati ndife mabwenzi. Ine ndinkaona ngati ndapeza munthu womunola naye lilime.

Tsiku limene zinthu zinaipa linali m'nyengo yolembetsa mayina a chisankho chathu. Pa baraka panali podzaza, ndipo ndinali nditamwa kuposa mlingo wanga. Ndinaganiza zomumaliziratu pamaso pa anthu.

"Bambo, tiyeni tisanamizane," ndinatero mokweza. "Nkhope yanu ndi ya ku Tchaina. Chiyankhulo ndi chomwecho, zilembo ndi zomwezo, timitengo todyera ndi tomweto. Makolo anu anachokera komweko. Mukukana chiyani?"

Anaika botolo pansi n'kundiyang'ana mwaulemu, ngati mwana wasukulu amene akudziwa yankho.

"Apulofesolo, inu munabadwira kuti?"

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Munandiuza nokha kuti munabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, cha ku Ntcheu. Chichewa chanu ndi cha ku Malawi. Wailesi mumamvera ya ku Malawi. Nkhope yanu sindingaisiyanitse ndi ya anthu a tsidya ilo. Ndiye ndinu Mmalawi?"

Baraka yonse inaphulika. Mlembi wina anachita kutsamwa ndi mowa. Mkuluyu sanaseke, iye ankangofuna kuti ndimvetse, ndipo atatha anandigwira paphewa. Koma dzina linali litamera kale. Pofika Lolemba, ana ankanong'onezana kuti Mmalawi akubwera.

Mkuluyu sankadziwa chimene anaponda. Kumsasa kuja tinkatchedwa othawa, odya za chifundo, ndipo ana a eni dziko ankatiimbira nyimbo tikamapita kukatunga madzi. Titabwerera kuno nkhondo itatha, Chipwitikizi changa chinali chopunduka, ndipo aphunzitsi ankandiimitsa kutsogolo kuti anzanga amve mmene Amalawi amayankhulira. Ndinavutika zaka zambiri kuti dzina limenelo lindichoke. Ndinaphunzira mpaka kuposa onse amene ankandiseka, ndinavala taye, ndinakhala mphunzitsi wa boma. Ndiye munthu wobwera, mkamwini wopanda ngakhale mwana, anandivekanso dzinalo ndi mawu atatu okha. Chaka chimenecho dzina langa linasowa pamndandanda wa aphunzitsi okagwira ntchito pa meza yovotera. Palibe amene anandiuza chifukwa chake, ndipo mwina chifukwacho chinali china. Koma ine ndinaloza chala kwa iye.

Sindinamuuze kanthu. Ndinapitiriza kumubwereka foni, kukwera naye kaphiri kaja, kumuseka pa baraka. Iye anapitiriza kutumiza kachewere woyamba kukumba kunyumba kwanga, chaka ndi chaka. Mkazi wanga ankati munthu uyu ndi wa mtima wabwino, ine n'kumangoti eya.

Patapita zaka zingapo, m'nyengo yozizira, anayamba kutsokomola. Anapita naye kuchipatala cha ku Tsangano, kenako ku Tete, ndipo anabwerako atatha thupi ngati chimanga chofwifwa. Tsiku lina masana anandiitanitsa. Ndinamupeza pakhonde, padzuwa, atafunda bulangete mpaka m'khosi. Mkazi wake anandipatsa mpando n'kukhala pamkeka chapafupi, akusankha nyemba.

Anatulutsa kapepala kamene analembapo nambala ya mlongo wake. Nambalayo ndinali nayo kale m'foni, iye ankadziwa, komabe anandifumbatitsa kapepalako ndi manja ake onse awiri.

"Sindikupempha kuti mudzanditumize kwathu," anatero. "Ndege ndi yodula ngakhale kwa wamoyo. Mudzandiike konkuno, dothi lake ndalizolowera. Ndikupempha ziwiri zokha. Mlongo wanga adzamve musanandikwirire. Ndipo powerenga mbiri yanga, mudzanene kuti ndinali wa ku Taiwan. Kamodzi kokha, pamaso pa anthu onse."

"Bwanji mukuuza ine, bambo? Alamu anu alipo."

"Alamu anga ndi anthu abwino, koma kwa iwo zonse ndi chimodzimodzi. Inu nokha ndi amene mumadziwa kusiyana kwake. Takangana zaka zonsezi, ndiye mukudziwa."

"Musadandaule," ndinatero.

Mkazi wake anakweza mutu n'kundiyang'ana, kenako anabwerera ku nyemba zake. Masana amenewo ndinalonjeza ndi mtima woona. Ndinamumvera chisoni, ndipo pobwerera kunyumba ndinkadziona ngati munthu wabwino.

Anamwalira m'mawa wina patapita masabata awiri. Dzuwa lisanakwere kwenikweni amuna tinasonkhana pansi pa mitengo ya mapichesi imene anabzala yekha. Amene ankayendetsa zonse anali mlongo wake wa namfedwa, mwini mbumba, bambo wokonda kuti zinthu zake zizioneka. Anayamba ndi vuto limene aliyense ankaliona. Kwathu mkamwini saikidwa akuchimuna asanamve. Abale a mwamuna ayenera kufika, aone thupi, avomereze kuti manda akumbidwe, ndipo mmodzi wa iwo ayankhule kumanda. Kupanda kutero, mawa kumabwera mlandu woti munapha m'bale wathu n'kumukwirira mobisa. Nanga munthu uyu akuchimuna ake tiwapeza kuti?

"Apulofesolo, inu ndi amene mumawaimbira kwawo," anatero mwini mbumbayo. "Kayeseni. Mlongo wawoyo akangovomera pa foni, ife timva, basi tikumbe."

Njira inali yomweyo, yosavuta, ndipo inali imene malemu anapempha. Ndinakwera kaphiri kaja ndekha. Netiweki inali yodzaza. Ndinatulutsa kapepala kaja, ndinaona nambala, ndinaika chala pafoni. Ndiye m'makutu mwanga munabwera kuseka kwa pa baraka kuja, ndi kutsamwa kwa mlembi uja, zonse ngati zachitika dzulo. Ndinakhala pamwala wanga wa masiku onse, ndinadikira nthawi yokwanira kuti aziti ndayesetsa, n'kutsika.

"Sikulowa," ndinawauza. "Ndayesa kangapo."

Anthu anayang'anana. Kenako wina anakumbukira kuti ku Macanga, cha kufupi ndi Furancungo, kuli Matchaina a kampani ina amene akukonza msewu. Amenewo si abale ake? Onse anavomera ndi mitu, mosangalala kuti nzeru yapezeka. Sankachita mwankhanza ayi. Kwa iwo zinali ngati munthu wa ku Angónia wafera ku Beira ndipo anthu akufunafuna aliyense woyankhula Chichewa kuti aimirire ngati m'bale. Munthu mmodzi yekha pamenepo ndi amene ankadziwa kuti malemu akanalola kuikidwa ngati galu kusiyana ndi zimenezo, ndipo munthuyo anali ine.

"Ndipita ndine," ndinatero. "Ndimatha kuyankhula nawo."

Mwini mbumba anandikokera pambali. Mwezi wapitawo kunali maliro a msilikali wakale m'mudzi woyandikana nawo, bokosi lake linakutidwa ndi mbendera, ndipo anthu anali akukambabe za ulemu umenewo. Iyenso ankafuna zotero pakhomo pake.

"Mukawapemphe mbendera yakwawo," anatero. "Alamu athu apite ngati munthu wamkulu."

Ndinavomera.

Ulendo wa ku Furancungo pa njinga yamoto ndi wautali, fumbi lake limalowa mpaka m'mano. Ndinali ndi nthawi yokwanira yobwerera m'mbuyo. Pamlatho uliwonse ndikanatha kuima n'kuimba foni ija. Sindinaime. Ndinkangoyeserera mumtima mawu amene ndikanene.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Kapitawo wa pamsasapo anali bambo wa msinkhu wanga, wakhungu lopsa ndi dzuwa, woyankhula Chipwitikizi chodukaduka. Nditamuuza kuti munthu wakwawo wamwalira kumudzi ndipo alibe m'bale, anavula chipewa nthawi yomweyo.

"Wa chigawo chiti?" anafunsa.

"Wa ku Taiwan."

Anayang'ana chipewa chake, anachitembenuza m'manja.

"Iyeyo akanafuna kuti ife tibwere?"

Mlendo, munthu wosamudziwa n'komwe, anafunsa funso limene m'mudzi monse palibe analiganiza. Anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula bwinobwino.

"Ndi mawu ake omaliza," ndinatero.

Za mbendera anakana poyamba. Anati mbendera si nsalu yoyala pa maliro a munthu aliyense, kwawo zili ndi malamulo ake. Ndinamuuza kuti kuno ndi mwambo, kuti popanda mbendera banja lichita manyazi pamaso pa mudzi wonse, kuti namfedwa akulira akuyembekezera imeneyo. Ndimatha kuyankhula ine, ndi ntchito yanga. Pomaliza analowa mu ofesi, anatuluka ndi mbendera yofiira ya nyenyezi zachikasu, anaipinda yekha mosamala n'kuiika m'thumba la pulasitiki.

Mawa lake anafika atatu pa galimoto yawo, atavala malaya oyera. Mudzi wonse unaimirira. Anawayalira mipando yakutsogolo, pamalo a akuchimuna, ndipo mwini mbumba ankayenda chifuwa chili patsogolo. Bokosi litatulutsidwa m'nyumba n'kuikidwa pabwalo, anandikodola kuti ndithandize kuyala. Ndinagwira ngodya ziwiri, iye ziwiri.

Namfedwa anali pansi pakati pa amayi, pafupi ndi bokosi, akulira monga amalirira amayi. Mbendera itangotambasuka, kulira kwake kunaduka. Sanakuwe, sanadzigwetse. Anasuntha nsalu imene inamuphimba kumutu n'kundiyang'ana ine, osati mlongo wake, osati alendo aja. Mayiyu sukulu sanapite, koma anakhala ndi mwamuna wake zaka zoposa makumi awiri, ndipo mbendera imeneyo ankaidziwa. Pa maliro a mwamuna wake mkazi sayankhula. Amayi anzake anamubwezera nsalu kumutu n'kumusisita pamsana, poganiza kuti chisoni chamukulira.

Mbiri ya malemu ndinawerenga ndine, poti ndine wophunzira. Ndinanena za kachewere wake, za mbande zimene ankagawa kusukulu, za mapichesi. Nditafika pa za kubadwa ndinakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Malemuwa anabadwira m'dziko la Tchaina, m'chigawo cha Taiwan."

Ndinasankha mawuwo dala. Ndikanangoti ku Tchaina, bwenzi kuli kulakwitsa kwa munthu wosadziwa. Koma ndinawaika mmene iye ankadana nawo kwambiri, mmene tinkakanganirana pa baraka, kuti ngati akufa amamva, amve kuti ndapambana ndine. Ndipo ndisaname, zinandikomera. Kukomako kunakhala nthawi yofanana ndi imene munthu amameza malovu. Nditapinda pepala, m'kamwa munangotsala fumbi la ku Furancungo.

Kumanda kapitawo uja anayankhula mawu ochepa. Anati malemuwa sankawadziwa, koma munthu wofera kutali ndi kwawo sayenera kusowa womuweramira. Atatuwo anaima pamzere n'kuwerama katatu. Kenako anachotsa mbendera yake bokosi lisanatsitsidwe, anaipindanso bwinobwino. Mwa anthu onse amene tinaima pamenepo, iye ndi amene anachita zinthu ndi mtima woyera, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima. Achinyamata anajambula zonse ndi mafoni awo. Pobwerera kumudzi anthu ankati maliro otere sanaonekepo, ndipo ambiri anandigwira chanza pondithokoza chifukwa cha ulendo wa ku Macanga.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina nditangotulutsa ana, ndinapeza namfedwa ataima panja pa kalasi, mutu wometa atamanga duku lakuda. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kupinda maondo.

"Apulofesolo, ndabwera kuti tikwere kuphiri. Alamu anga sanamvebe."

"Netiweki ikuvuta masiku ano, mayi."

"Tikayese. Mwina lero ilowa."

Tinakwera, iye patsogolo, ine pambuyo. Pamwamba ndinati ndi bwino kulemba uthenga kusiyana ndi kuimba, poti mayi wa ku Taiwan uja Chingelezi amachimva bwino chikalembedwa, ndipo ine ndinachiphunzira kumsasa kuja. Zoona zake ndinkaopa nkhope yake. Ndinalemba kuti mlongo wake anamwalira, anadwala chifuwa, tinamuika mwaulemu. Yankho silinachedwe. Ndinamasulira namfedwa kuti alamu ake akulira, akufunsa chifukwa chake sanauzidwe msanga, ndipo akupempha chithunzi cha maliro.

M'foni mwanga munali zithunzi zambiri zimene achinyamata aja ananditumizira. Ndinasankha cha manda atakwiriridwa kale, nkhata zili pamwamba.

"Osati chimenecho," anatero namfedwa. Anasendeza chala chake chokhakhala pagalasi mpaka anapeza chimene ankafuna. Bokosi pabwalo, mbendera pamwamba, ine nditagwira ngodya ziwiri. "Ichi."

"Mayi, chimenechi chiwapweteka mtima."

"Ndi mmene munawaikira. Tumizani."

Ndinatumiza.

Tinadikira nthawi yaitali. Pansi pa phiri ana ankasewera mpira, ndipo ndinkamva mluzu. Ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mayi ameneyu sadandaula. Si yemwe uja ankagulitsa timakeke kwa alendo a ku Tchaina, amene ankalira mabasi awo atasiya kubwera, amene ankatukwana mlongo wake chifukwa cha voti? Mwina aona ngati ndi ulemu.

Foni inanjenjemera. Uthengawo unali wa mzere umodzi. Ndinauwerenga kawiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa namfedwa.

"Akufunsa kuti ndani anaika nsalu imeneyi pa mlongo wawo."

"Ayankheni."

"Ndiwauze chiyani?"

"Mukudziwa ndinu, apulofesolo. Ine sukulu sindinapite."

Ndinayang'ana foni. Apanso khomo linali lotsegula, lachitatu, ndipo panalibe baraka, panalibe wondiseka, panali mayi mmodzi wamasiye ndi mphepo. Ndinalemba kuti ndi mwambo wathu. Ndinawonjezera kuti kuno munthu saikidwa popanda anthu akwawo, ndipo amenewo ndi amene anali pafupi.

Yankho linabwera patapita kanthawi, lalitali pang'ono. Mayiyo analemba kuti iye ndi mlongo wake anakangana moyo wawo wonse za dziko lawo, koma nsalu imeneyo sakanamufunditsa ngakhale atamukwiyira chotani. Anati komabe ngati ndi mwambo wanu, ndamva, simunadziwe. Kenako anawonjezera kuti mlongo wake ankamuuza kawirikawiri kuti kumeneko ali ndi mnzake mmodzi amene amamumvetsa, mphunzitsi wa mapu, ndipo akadzafa zonse adzaziyendetsa ndi ameneyo. Anati ngati amene mukulembayu ndinu, zikomo chifukwa chomusamalira.

"Akuti chiyani?" anafunsanso namfedwa.

"Akuti zikomo."

"Kwa ndani?"

"Kwa ine."

Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira tsiku la maliro lija, mosafulumira. Kenako anakonza duku lake, anamanganso kapulana m'chiuno.

"Ndiye landirani," anatero. "Ndi yanu."

Anatsika phiri yekha, osacheuka.